Nyumba ya kudziko la chisanu: yambani n'chofunda, sola ibwere pambuyo

Abale athu amene mwakhazikika ku Canada, ku Scotland ndi maiko ena a chipale, ndikudziwa kuti ena mwa inu mukulingalira zogula kamalo kunja kwa tauni, kumene mawaya a magetsi sanafike, n'kumangapo kanyumba kanukanu. Ambiri mumathamangira kufunsa za sola, kuti mapanelo akhale angati, mabatire angati. Funso limenelo liyambe ladikira. Ndalama zoyamba zipite ku makoma, denga ndi pansi pa nyumba.

Nkhaniyi anaiyesa kale anzathu. Mu 1977 mumzinda wa Regina, m'chigawo cha Saskatchewan ku Canada, kumene kumazizira mpaka madigiri 30 kunsi kwa ziro, anamanga nyumba yoyeserera yotchedwa Saskatchewan Conservation House. Mmodzi mwa akatswiri ake anali Harold Orr. Nyumbayo anaipatsa makoma ochindikala kwambiri, anatseka mpata uliwonse wolowera mphepo, n'kuikanso zida zodula zotenthetsera madzi ndi dzuwa. Zida zodulazo sizinapite patali, anazichotsa. Koma makomawo anapitiriza kugwira ntchito yake. Ku Germany anatengerapo phunziro, ndipo mu 1991 Wolfgang Feist ndi anzake anamanga nyumba zoyamba za Passivhaus, zosunga kutentha moti zimangofuna moto wochepa kwambiri, ku Darmstadt. Muyezo wawo ndi wakuti potenthetsa nyumba musapitirire ma kWh 15, ngati mayunitsi 15 a magetsi, pa sikweyamita iliyonse chaka chonse, omwe ndi ngati lita imodzi ndi theka ya mafuta. Kanyumba kakang'ono m'dziko lozizira kwambiri kamavutika kufika pamenepo, poti makoma ake amachuluka poyerekeza ndi malo a mkati, komabe muyezowo ukulozerani kolowera.

Chofunda cha nyumba, chimene amisiri kumeneko amati insulation, chimagwira ntchito ngati bulangete. Bulangete lilibe moto, limangosunga kutentha kwa thupi lanu. Mukhoza kugwiritsa ntchito ubweya wopangidwa ku miyala kapena galasi, mapepala akale ogayidwa, kapena mabolodi a foam. Chachikulu n'chakuti chofundacho chikute nyumba yonse popanda kudukiza. Matabwa oimika khoma amadutsitsa kuzizira kuposa chofunda, choncho mukangochilowetsa pakati pa matabwa basi, thabwa lililonse limasanduka kanjira kotulukira kutentha. Yalani china kunja kokuta matabwa onse, kapena mangani makoma awiri otalikirana pang'ono n'kudzaza pakati. Kudenga ikani chochindikala kuposa cha m'makoma. Pansi pa simenti ndi m'mphepete mwa maziko musaiwale, chifukwa nthaka ikaundana ndi chisanu imafufuma n'kukankha maziko mpaka khoma kung'aluka.

Tsopano mipata. Apa m'pamene ndikufuna mutchere khutu, chifukwa ntchito yake ndi yotchipa koma imafuna mtima wofatsa. Chofunda chabwino chotani, mphepo ikamadutsamo chimakhala ngati juzi loluka tsiku la mwera. Mkati mwa khoma, mbali yoyang'ana kuchipinda chofunda, muyale pepala lapadera lotchinga mpweya ndi chinyontho, ndipo polumikizira paliponse mumate ndi tepi yake yeniyeni. Likakhala mbali yolakwika kapena likabooka, nthunzi ya kuphika, kusamba ndi kupuma kwanu imalowa m'khoma, ikakumana ndi malo ozizira imasanduka madzi. Simuona kanthu chaka choyamba. Mudzangomva fungo la chuku, ndipo pofika potsegula khomalo matabwa adzakhala atawola kale.

Musanakhome mabolodi a mkati, chitani ichi. Tsiku la mphepo tsekani zitseko ndi mawindo onse, yatsani kandodo ka lubani, n'kumayenda nako pang'onopang'ono m'mphepete mwa felemu ya windo, pansi pa chitseko, pamene paipi yaboola khoma, pamene padutsa waya. Utsi ukamakwera mowongoka, pali bwino. Ukangopendama kapena kuyamba kuvina, lembani pamenepo ndi choko, mubwerere kukamata. Ngati thumba likulola, itanani katswiri wa blower door, fani yaikulu imene amaiika pachitseko n'kuyeza mpweya wothawa. Poyezapo, mpweya wothawa m'nyumba za Passivhaus pa ola suyenera kupitirira magawo 6 mwa magawo 10 a mpweya wonse wa m'nyumbamo, faniyo ikamakoka ndi mphamvu ya ma Pascal 50, muyezo wa kukankha kwa mpweya.

Nyumba yotsekedwa chonchi iyenera kupuma mwadongosolo. Pali kachipangizo kotchedwa HRV kamene kamatulutsa mpweya wakale n'kulowetsa watsopano, ndipo iwiriyi ikamadutsana mkati mwake, wotulukawo umasiyira wolowawo kutentha. Kamadya magetsi ochepa, choncho muziwerengera kameneka poyamba pogula mabatire. Ife tonse tinamvapo za maliro a anthu amene anagona ndi mbaula ya makala m'chipinda chotseka mwezi wa June. Mpweya wakupha uja wa carbon monoxide sununkha, suoneka. Sitovu ya nkhuni ikhale ndi paipi yakeyake yokokera mpweya kunja, chumuni chabwino, ndi alamu yochenjeza za mpweyawo. Pa ichi sindikunyengererani, ndikukulamulani ngati mbale wanu. Sitovuyo ikhale yaing'ono, poti yaikulu imawotcha chipinda n'kukukakamizani kumatsegula mawindo. Nkhuni zikhale zouma, chinyontho chake chosapitirira 20 peresenti, apo ayi mwaye umadzaza m'chumuni n'kudzayaka tsiku lina.

Mawindo akhale a magalasi atatu. Kumaiko a kumpoto mawindo aakulu ayang'ane kummwera kumene kumadzera dzuwa, koma amene muli ku Lesotho kapena kumapiri a ku South Africa mutembenuze, ayang'ane kumpoto. Mapaipi a madzi onse adutse mkati mwa chofunda, chifukwa madzi akaundana amakula ndi pafupifupi 9 peresenti n'kuphulitsa paipi. Bafa ndi khitchini ziyandikane kuti mapaipi afupike.

Mukatha zonsezi, bwererani ku funso la sola lija. Kumaiko a kumpoto muwerengere mwezi wa December, osati wa July. Ku Edinburgh tsiku la December limangowala maola pafupifupi 7, dzuwa lake lili m'munsimunsi. Mapanelo muwaimike mopendekera kwambiri kuti chipale chizitsetsereka, ndipo akhale pamene mungafike ndi tsache. Mabatire a lithium salola kutchajidwa kukazizira kunsi kwa ziro, amawonongeka, choncho apezereni malo mkati mwa chofunda. Magetsi asungireni nyali, firiji, pampu ndi HRV, ntchito yotenthetsa muisiyire nkhuni ndi dzuwa la pawindo. Kajenereta kakang'ono kakhalepo ka masabata a mitambo, ndipo kazilirira panja, kutali ndi windo.