Kuphunzitsa maso a munthu woopa kangaude

Munthu woopa kangaude ndi amene amayamba kumuona m'chipinda. Anzake ali pa macheza, iye maso afika kale pakona ya denga. Mu 2001, katswiri wa zamaganizo Arne Öhman ndi anzake ku Sweden anaonetsa anthu zithunzi za maluwa, bowa, njoka ndi akangaude. Njoka ndi kangaude zinkapezeka msanga pakati pa maluwa ndi bowa, ndipo oopa kangaude ankamupeza mofulumira kwambiri.

Vuto lili pa zomwe zimatsatira. Akatswiri otsata kayendedwe ka maso anapeza kuti diso la wamantha limathamangira pa kangaude, kenako nthawi yomweyo n'kuthawapo. Ubongo umalandira chenjezo koma supeza mpata woona kuti kachilomboko n'kakakulu bwanji, kakulowera kuti, kali duu kapena kakuyenda. Oopa kangaude amamuonanso wamkulu kuposa mmene alili. Komanso akayang'ana kumbali mtima umatsika, ndiye munthu amazolowera kuti kuthawa ndiko kumamupulumutsa. Mantha amakhazikika pamenepo.

Choncho ntchito ndi yophunzitsa diso kukhalitsa. Ngati mukuthandiza munthu wotere, yambani ndi chithunzi cha kangaude, chili patali mamita awiri kapena atatu. Munthuyo anene kukula kwa mantha ake, kuyambira 0 mpaka 10. Kenako afotokoze mokweza zimene akuona: awerenge miyendo yonse 8, atchule ngati ndi wakuda, wofiirira kapena wooneka mwina, aloze pamene mutu walumikizana ndi mimba. Kuwerengaku n'kofunika kwambiri, chifukwa munthu sangawerenge miyendo maso ali kwina. Anenenso poyera kuti "ndikuchita mantha", asadzilimbitse mtima mwachinyengo.

Musapite patsogolo mantha asanatsike, mwachitsanzo kuchoka pa 8 kufika pa 4. Akatsika, sendezani chithunzi pafupi, kenako kanema, kenako kangaude wamng'ono wamoyo m'botolo loonekera mkati lotsekedwa bwino. Apa mufunseni kaye kuti akuganiza kuti kangaude achita chiyani. Ambiri amati awadumphira. Ayang'ane yekha kwa mphindi zingapo, aone kuti kangaudeyo akungofuna pobisala. Lars-Göran Öst, katswiri wina wa zamaganizo wa ku Sweden komweko, anaonetsa kuti njira yoyandikira pang'onopang'ono chonchi imathandiza anthu ambiri ngakhale pa ulendo umodzi wa maola atatu, katswiri akutsogolera.

Chimene chingaononge ntchitoyi ndi kuisiya mantha ali pachimake, chifukwa munthu amachoka atatsimikiza kuti sakanapirira. China ndi kudzidzimutsa: kumuponyera kangaude kapena kutsegula botolo asanavomere kumathetsa chikhulupiriro chonse, ndipo n'nkhanza. Onetsetsaninso maso ake, poti ena amakhala ngati akuyang'ana botolo pamene maso ali pa chivundikiro.

Musagwire ndi manja kangaude amene simukumudziwa, pakuti mitundu ina yochepa ili ndi ululu woopsa. Ngati mantha afika pobanika, kusowa tulo kapena kukana kulowa m'zipinda zina, ntchitoyi itsogoleredwe ndi katswiri wa zamaganizo.