Manambala a foni osowa mu fayilo ya CSV

Nditatulutsa mndandanda wa makasitomala kuchokera mu MySQL (pulogalamu yosungira deta) kupita mu fayilo ya CSV (fayilo yomwe makolamu ake amalekanitsidwa ndi mipatuliro, kutanthauza zizindikiro monga koma), mizere ina inali yosokonekera: pamalo pa nambala ya foni panali dzina la mzinda, kolamu yomaliza ili yopanda kanthu. Nditawerenga mipatuliro pa mzere umodzi wolakwika, ndinapeza kuti ikuperewera ndi umodzi.

Gwero lake linali CONCAT_WS, fankishoni ya MySQL yomwe ndimalumikizira makolamu. Ikakumana ndi NULL (malo omwe sanalembedwemo kanthu, monga kwa kasitomala wopanda nambala ya foni) imangodumpha, osasiyapo ngakhale mpatuliro, ndiye zotsalazo zimasendera kumanzere. CONCAT wamba ndiye usanene: NULL mmodzi yekha amafafaniza mzere wonse.

Ndinakulunga kolamu iliyonse motere: COALESCE(foni, ''), kuti pamalo pa NULL paziikidwa mawu opanda kanthu, omwe CONCAT_WS siwadumpha. Tsopano kasitomala wopanda nambala amatuluka ndi mipatuliro iwiri yogundizana, ndipo mzinda umakhala pamalo pake.