Anankafumbwe akasiya kufa ndi mankhwala: momwe mungachitire

Chaka chatha azakhali anga ku Chongwe anathira mankhwala m'matumba awo onse a chimanga atangokolola. Pofika Okutobala ndinapisa dzanja m'thumba lina, linatuluka lili mbuu ndi ufa. Iwo anangoti, "Mwanawe, mankhwala a masiku ano ndi phulusa chabe." Mankhwala abodza alipodi, koma nditafunsitsa ndinapeza kuti botolo limodzi analigawira matumba ochuluka kuposa mlingo wake.

Apa ndiye pamene pamayambira vuto. Mankhwala akachepa, tizilombo tofooka timafa, tolimba timatsala n'kuswana, ana n'kutengera makolo. Kukatentha, m'badwo watsopano umatuluka pakangotha mwezi ndi masiku ochepa. Mukamachita zomwezi chaka ndi chaka, ndiye kuti mukuweta nokha anankafumbwe osamva mankhwala.

Yambani ndi mosungira. Sesani ngodya zonse, matani ming'alu, tenthani zinyalala, ndipo matumba akale muwaviike m'madzi owira. Chimanga chakale chisayandikane ndi chatsopano.

Kenaka tongolani chimanga, chiume bwino. Nankafumbwe wina wotchedwa Larger Grain Borer, amene analowa mu Zambia kudzera ku Nakonde mu 1993, amakonda kwambiri chosatongola. A FRA, bungwe la boma logula ndi kusunga chimanga, amafuna chinyezi cha 12.5 peresenti, koma pakhomo yesani ndi mchere: ikani chimanga ndi mchere wouma m'botolo louma, tsekani, khutchumulani. Mchere ukamamatira m'mbali, bwezerani padzuwa.

Pothira, tsatirani mlingo wolembedwa pabotolo, musachotsereko. Khuthulirani chimanga pa tenti, muchitembenuze ndi fosholo mpaka njere iliyonse itakhudzidwa, mutavala chotchinga mphuno ndi pakamwa. Gulani kwa wogulitsa wokhala ndi chilolezo cha ZEMA (bungwe loona za chilengedwe), botolo lomata, loonetsa tsiku lothera mphamvu. Za m'mapepala opanda dzina za m'mbali mwa msewu zisiyeni.

Tsopano nkhani yosinthasintha mankhwala, imene ambiri timaiphonya. Kusintha dzina si kusintha mankhwala. Tembenuzani botolo muwerenge zilembo zing'onozing'ono zija. Mu Actellic Super muli pirimiphos-methyl ndi permethrin, mu Shumba Super muli fenitrothion ndi deltamethrin. Mayina ngosiyana, koma mabanja ake ndi awiri omwewo, amapha mofanana, choncho kachilombo kopirira uyu kakhoza kupiriranso uyo. Actellic Gold ili ndi thiamethoxam wa banja lina m'malo mwa permethrin, ngakhale pirimiphos-methyl akadalimo. N'chifukwa chake ine ndimati kusintha kwenikweni n'kupumitsa mankhwala chaka china, chimanga n'kuchisunga m'matumba osalowa mpweya monga a PICS. Ali ndi mapulasitiki awiri mkati ndi saka kunja. Finyani mpweya, mangani lililonse palokha. Mpweya ukatha, ngakhale nankafumbwe wopirira uja amafa. Muwasanjike pamatabwa, kutali ndi makoswe, poti kabowo kamodzi kamaononga ntchito yonse.

Mapilitsi a phosphine, otulutsa mpweya wopha tizilombo, chonde, asalowe m'nyumba yogonamo anthu. Mpweya wake umapha munthu. Amafuna malo otsekeka ndithu kwa masiku osachepera 7, ndipo kuwaponya m'saka wamba mpweya umangothawa, tizilombo n'kuzolowera. Ntchito imeneyo ndi ya anthu ophunzitsidwa.

Pakatha milungu iwiri iliyonse pisani dzanja m'matumba amene munathira mankhwala, musefe pang'ono muone. A PICS aja musamawatsegule, ingoyang'anani ngati abooka. Mukapeza tamoyo chikhalirecho munathira mlingo woyenera, musabwerezenso mankhwala omwewo. Petani, yanikani padzuwa lamphamvu, musamutsire m'thumba losalowa mpweya. Tizilomboto tiikeni m'kabotolo pamodzi ndi dzina la mankhwala, mukapereke kwa alangizi a zaulimi a dera lanu, kuti ngati n'kotheka tikafike kwa akatswiri a ZARI, bungwe lofufuza za ulimi, ku Mount Makulu, ku Chilanga.