Kalipa ikamachucha mafuta a mabuleki: momwe mungaikonzere nokha pakhomo

Amene anatsikapo mapiri a Chowe pochokera ku Namwera akudziwa kuti mseu umene uja sufuna galimoto ya mabuleki okayikitsa. Makona ake ndi otsatizana, phazi silichoka pa buleki mpaka utafika kuchigwa. Kumeneko ndi kumene Subaru Impreza WRX ya alamu anga inatidetsa nkhawa tsiku lina kukutentha. Akaponda, pedulo inkalowa pang'onopang'ono ngati aponda nthochi yakupsa, galimoto n'kumakokera kumanja. Titaima n'kusuzumira, tinapeza mkati mwa rimu yakutsogolo kumanzere muli chinyontho, fumbi litamatirira n'kusanduka phala lakuda. Apa m'pamene anaulula kuti kwa masabata angapo ankangowonjezera mafuta akaona kuti atsika.

Kuwonjezera mafuta sikuchiza kanthu. Mafuta a mabuleki sapsa ngati oyilo wa injini. Amatsika pang'ono pokha mapadi akamatha, koma mukaona kuti mukuthira kawirikawiri, dziwani kuti penapake akutuluka, ndipo malo amene atulukira ndi amenenso mphepo imalowera.

Mkati mwa kalipa, chitsulo chimene chimakumbatira disiki ya buleki kuseri kwa rimu, muli pisitoni imene imakankha mapadi kuti afinye disiki. Pisitoni iliyonse ili ndi malabala awiri. Yamkati imakhala mu kangalande kozungulira, ndiyo imatseka mafuta, komanso ndiyo imabweza pisitoni pang'ono mukachotsa phazi. Yakunja ndi yopindikapindika, ntchito yake n'kutchinga fumbi ndi madzi. Kuno ku Mangochi yakunjayi ndi imene imayamba kufa. Kutentha kumaiumitsa, imang'aluka, kenako mchenga wa ku Makawa kapena wa njira ya ku Cape Maclear umalowa. Onjezerani madzi a dzinja ndi chizolowezi chathu chotsukira galimoto m'mphepete mwa nyanja, pisitoni imachita dzimbiri, dzimbirilo n'kumapala labala yamkati nthawi iliyonse mukaponda.

Musanamasule chilichonse

Tsimikizani kaye kuti ndi kalipadi. Pukutani paliponse pamene panyowa, wina aponde buleki mwamphamvu, inu muyang'ane ndi tochi. Nthawi zina wolakwa ndi paipi yalabala yong'aluka, kapena mawasha a bawuti yomangira paipiyo, kapena kanipo kobulidira, kabawuti kabowo kotulutsira mphepo mu kalipa. Chinyontho chikamatuluka m'mphepete mwa pisitoni, ndiye kuti ntchito ndi imene tikukambayi.

Dziwaninso mtundu wa kalipa yanu. Galimoto monga Mazda MX-5 ili ndi kalipa ya pisitoni imodzi imene imatsetsereka pa mapini awiri. Ma WRX ambiri ochokera ku Japan ali ndi kalipa yosasuntha ya mapisitoni 4 kutsogolo, awiri mbali iyi awiri mbali inayo, ndipo ma STI ena, mtundu wamphamvu kwambiri wa WRX yomweyo, anabwera ndi makalipa a kampani ya Brembo. Pokagula seal kit, phukusi la malabala atsopano a kalipa, tengani nambala ya chasisi, ndipo ngati n'kotheka yezani kukula kwa pisitoni. Ogulitsa ena amangokupatsani “yofanana nayo”. Labala yosiyana ndi theka la milimita imachucha basi. Ngati pa Boma simunaipeze, ndi bwino kudikira masiku awiri ichokere ku Limbe kapena ku Lilongwe kusiyana ndi kuika yongoyerekeza.

Gulani zokwanira mbali zonse ziwiri. Malabala a kumanja ndi a kumanzere ndi amsinkhu umodzi, amwa fumbi limodzi. Mapadi amene anyowa mafuta ndi otaya, ngakhale akhale okhuthala bwanji. Ena amawawotcha pa mbaula kuti aume, koma mafutawo amakhala atalowa mkati, ndipo mapadi otere amaterera pa nthawi imene mukuwafunitsitsa. Mapadi amasinthidwa mawilo onse awiri nthawi imodzi.

Mufunikanso lita imodzi ya mafuta a mabuleki m'botolo losatsegula, mawasha akopa atsopano awiri pa paipi iliyonse, mankhwala otsukira mabuleki (brake cleaner) kapena sipiriti, kapaipi koonekera mkati, thabwa laling'ono, nsanza zoyera zosathothoka ulusi ndi masipanala otseka. Mtundu wa mafuta walembedwa pa chivindikiro cha kathanki kosungira mafutawo. Nthawi zambiri ndi DOT 3 kapena DOT 4. Pa galimoto yothamanga ine ndimasankha DOT 4, chifukwa akakhala atsopano sawira asanafike madigiri 230, pomwe muyezo wa DOT 3 ndi 205. Samalani ndi DOT 5: ndi a silikoni, sasakanizidwa ndi anzakewa, ngakhale dzina lake likufanana ndi DOT 5.1.

Kuchotsa kalipa

Imikani galimoto pa simenti kapena pa nthaka yolimba. Pamchenga jeke imamira. Khwefulani manati tayala lili pansi, kwezani, kenako khazikani galimoto pa masitandi achitsulo. Njerwa zimaphwanyika mosachenjeza, musaziyese. Tayala mwachotsalo ligonekeni pansi pa galimoto.

Kalipa idakali yomangidwa, khwefulani pang'ono kanipo kobulidira ndi bawuti ya paipi, n'kuzibwezanso mopepuka. Pa benchi zimavuta kumasula chifukwa kalipa imangotembenuka. Kanipo ngati kauma, kadonthezereni mafuta omasula dzimbiri, dikirani, kagogodeni pang'ono. Kakathyokera mkati, ntchito ya tsiku limodzi yasanduka ya sabata.

Tsopano nayi njira imene imapulumutsa amene alibe kompuresa. Chotsani mapadi, paipi idakali yolumikiza, ikani timatabwa topyapyala m'malo mwake, ndipo pondani pedulo pang'onopang'ono. Mafuta omwewo akankha mapisitoni kuti atuluke. Ikatsogola imodzi, itchingeni ndi thabwa kuti mphamvu ipite kwa imene yakakamira. Cholinga n'chakuti onse atuluke ndithu koma osagwa.

Mukatero tsegulani kanipo, pondani pedulo mpaka pakati, n'kuitsamiritsa ndi ndodo ku mpando. Pedulo ikakhala yoponda chonchi, mafuta a mu kathanki satsikira ku paipi yomasula. Chotsani waya wa batire kuti magetsi a buleki asayake usiku wonse. Paipi yalabala musaifinye ndi pulayala, imawonongeka mkati mosaoneka. Masulani paipi, masulani mabawuti awiri akuluakulu akumbuyo, kalipa ili m'manja. Mafuta akadonthera pa penti tsukani ndi madzi nthawi yomweyo, amadya penti.

Kutulutsa mapisitoni

Chotsani malabala akunja ndi timawaya tozungulira timene timawagwira. Pisitoni imene yatuluka kale mutha kuizula ndi dzanja, mukuipotoza pang'ono. Yokana ipatseni mphepo kudzera pabowo la paipi. Pampu ya njinga nthawi zina imakwanira, apo ayi pitani kwa omata matayala. Ikani thabwa pakati, phimbani ndi nsanza, mphepo ikhale yochepa, ndipo zala zanu zikhale kutali. Pisitoni imatuluka ngati chipolopolo, imatha kuphwanya chala.

Kalipa ya mapisitoni 4 ndi zidutswa ziwiri zomangidwa pamodzi ndi mabawuti. Musazilekanitse. Pakati pake pamakhala timalabala ting'onoting'ono timene nthawi zambiri mu kit simukhala, ndipo ntchito yonseyi imatheka osakhudza mabawuti amenewo. Makalipa akumbuyo amene amagwiranso handibuleki, monga a MX-5, ali ndi makina ena mkati: pisitoni yake simangoikankha kapena kuizula, ili ndi njira yake imene muyenera kuiona m'buku la galimotoyo.

Labala yamkati itulutseni ndi kamtengo kosongola. Ine ndimasema kachidutswa ka nsungwi. Sikuludilaiva imakanda kangalande, ndipo pokandikapo ndi pamene mafuta adzadutsire.

Apa ndiye pagona nkhani

Pukutani pisitoni, ipititseni padzuwa, muizungulitse pang'onopang'ono mukuyendetsa chikhadabo pamwamba pake. Ya alamu anga, itatu inali yosalala ngati galasi itangopukutidwa. Yachinayi inali ndi timaenje takuda ngati tobooledwa ndi singano, tondandalika mozungulira chapakati, pamene penipeni labala imagwira. Chikhadabo chinkakodwa. “Alamu, tingoipala ndi sandipepa,” anatero iwo, poganizira mtengo wa yatsopano. Ndinakana, ndipo inunso mukane. Pamwamba pa pisitoni pali kachikuto kolimba kopyapyala. Sandipepa amakachotsa, chitsulo chamkati chimatsala poyera, ndipo dzinja lisanathe dzimbiri labwerera kuposa kale. Labala yatsopano pa pisitoni ya maenje imagwira masiku ochepa okha, kenako imakusiyani muli pa liwiro. Zothimbirira zimene zikuchoka ndi nsanza yonyowetsa mafuta a mabuleki zilibe vuto. Maenje, mikwingwirima kapena kusupuka, imeneyo yatha.

Chachiwiri ndi kangalande. Pansi pa labala yakale mumabisala zoyera ngati ufa kapena dzimbiri lofiira. Zimenezi zimatukula labala yatsopano, imafinya pisitoni mopitirira, buleki n'kumagwira yokha mpaka disiki kutentha. Palani mozungulira ndi nsungwi ija mpaka ngodya zonse ziyere. Pano musathamange, ola lathunthu likhoza kuthera pamenepa ndipo silinapite pachabe.

Potsuka musagwiritse petulo, palafini kapena dizilo, ngakhale ndi zimene timatsukira zitsulo zina zonse m'magalaja mwathu. Malabala a mabuleki amadana ndi chilichonse chochokera ku mafuta amenewa: amatupa, amafewa, amatha. Chimodzimodzi girisi wamba wa mabering'i ndi oyilo wa injini. Tsukani ndi brake cleaner kapena sipiriti, uzirani mphepo m'timabowo tonse, dikirani ziume. Musanayambe kumanga sambani m'manja, yalani nyuzipepala kapena katoni yoyera, ndipo ngati kukuwomba mwera lowani m'nyumba. Kamchenga kamodzi n'kokwanira kuwononga zonse.

Kumanga

Nyowetsani labala yamkati ndi mafuta atsopano a mabuleki, kapena girisi wofiira wa malabala ngati anabwera mu kit. Ikhazikeni m'kangalande ndi zala, yendetsani chala mozungulira kuti mumve ngati yapotoka. Nyowetsaninso pisitoni, valikani labala yakunja, ndipo ikankheni molunjika ndi zala zazikulu ziwiri. Imalimba pang'ono podutsa labala, kenako imalowa mofewa. Ikakana, yapendekeka: itulutseni muyambirenso. Hamala ilibe malo pano. Malizani pokhazika labala yakunja ndi kawaya kake, muonetsetse kuti yagwira mozungulira monse.

Ngati kalipa yanu ndi yotsetsereka, tsukani mapini ake, muwapake girisi wa silikoni kapena wofiira uja, aziyenda ndi chala chimodzi.

Bwezerani kalipa kanipo kali kumwamba. Mukasinthanitsa yakumanja ndi yakumanzere kanipo kamakhala pansi, ndipo mphepo sidzatuluka ngakhale mubulide tsiku lonse. Ikani mawasha atsopano, imodzi pamwamba ina pansi pa mutu wa paipi, paipiyo isapotoke. Mabawuti akuluakulu amangeni ndi torque wrench, sipanala yoyeza kulimba kwa bawuti, pa muyezo wa m'buku, ngakhale yobwereka. Tsukani disiki ndi brake cleaner mbali zonse musanaike mapadi atsopano.

Kubulida

Kubulida ndiko kutulutsa mphepo imene yalowa m'mabuleki, ndipo apa mufunika munthu wachiwiri. Dzazani kathanki, lowetsani kapaipi koonekera pa kanipo, mapeto ake amire m'botolo lokhala ndi mafuta pang'ono. Mnzanu apope katatu n'kugwira. Inu tsegulani, mafuta ndi thovu zituluke, tsekani, ndiye muuze asiye. “Ponda, gwira, siya,” mpaka thovu lithe. Asachotse phazi musanatseke. Ikani kathabwa pansi pa pedulo kuti isafike pansi penipeni, chifukwa pa galimoto yakale kutero kumang'amba malabala a master cylinder, pampu imene pedulo imakankha. Muziyang'ana kathanki pafupipafupi. Kakauma mphepo imalowa mpaka mu ABS, chida choletsa mawilo kukhwekhwerezeka mukaponda buleki mwamphamvu, ndipo kuichotsa kumeneko kungafune makina. Makalipa ena, monga a Brembo, ali ndi timanipo tiwiri, bulidani tonse.

Poti mwatsegula kale, pitirizani mawilo onse anayi mpaka mafuta otuluka akhale oyera ngati a m'botolo. Mafutawa amayamwa chinyontho cha mumpweya, ndipo kunyanja kuno chinyontho sichisowa. DOT 4 wolowa madzi amatha kuwira pa madigiri 155 okha, kutentha kumene mabuleki amafika mosavuta potsika Chowe kapena Khwekhwelere. Madzi omwewo ndi amene amadya mapisitoni kuchokera mkati. N'chifukwa chake opanga galimoto ambiri amati mafutawa azisinthidwa pa zaka ziwiri zilizonse.

Musanasunthe galimoto popani pedulo mpaka ilimbe. Kenako iponderezeni mwamphamvu kwa theka la miniti. Isatsike ngakhale pang'ono. Yang'anani paipi, kanipo ndi mapisitoni ngati pauma. Yesani kaye pabwalo, kenako pezani mseu wopanda anthu, kutali ndi msika ndi mlatho wa Bakili Muluzi kumene akabaza amadzaza. Thamangani mpaka makilomita 60 pa ola, chepetsani mpaka 10 osaima, bwerezani kasanu ndi katatu kapena kakhumi kuti mapadi azolowerane ndi disiki, kenako yendani pang'ono osaponda kuti zizizire. Pedulo ikakhala yofewabe mutabulida kawiri, galimoto isalowe mumseu, itanani makaniko.

Mafuta akale atsekereni m'botolo, asatayidwe pansi kapena m'ngalande yolowera ku Shire, ndipo akhale patali ndi ana ndi ziweto chifukwa ndi poizoni. M'mawa mwake lowetsani chala mkati mwa rimu zonse ziwiri, muonenso mzere wa mafuta mu kathanki, ndipo muchite chimodzimodzi pakatha sabata.