Kapekedwe ka nyimbo za sewero loimba

Musathamangire piyano nkhani isanamangike. Werengani sewero lonse, muike chizindikiro paliponse pamene munthu wa m'nkhanimo wadzazidwa ndi chikondi, mkwiyo kapena mantha moti kulankhula sikukumukwaniranso. Nyimbo ikhale pamenepo.

Ku Broadway, dera lotchuka ndi masewero oimba mumzinda wa New York, nyimbo yachiwiri kapena yachitatu kawirikawiri imaulula chimene mwininkhani akufunitsitsa. Ikachedwa, oonerera sadziwa woti amutsatire.

Maimbidwe atengeni pa kalankhulidwe ka munthuyo. Nenani mawu ake mokweza, mumvetsere pamene liwu likukwera ndi kutsika, mujambule pa foni. Kenako perekani nyimboyo kwa woimba. Akamapumira pakati pa chiganizo, mzerewo watalika, dulani. Nyimbo yongobwereza zimene zanenedwa kale ichotseni, ngakhale ikome chotani, chifukwa imaimitsa nkhani.