Anyamata anu akamenyana ndi asodzi ena pa Chilwa, muyambire pati?

Ena mwa ife ogulitsa matemba ndi milamba pa Chitakale ndi pa Limbuli tili ndi bwato kapena khoka ku nyanja ya Chilwa, mbali ya Phalombe. Mwini zida uli ku Mulanje kuno, anyamata ali pamadzi, ena akugona m'zimbowera, timisasa toyandama pamadzi, pakati pa mabango. Ndewu ikabuka umangoimvera pa foni, ndipo zomwe ungachite tsiku loyambalo ndi zimene zimapulumutsa bwato lako.

Funso loyamba likhale la anthu, osati la khoka. Wina akatemedwa ndi chikwanje kapena kumenyedwa ndi nkhafi, apite kuchipatala msanga, koma wina athamangire kupolisi kukatenga kalata yoti adokotala alembepo za mabalawo. Popanda pepala limenelo, kubwalo la milandu mudzangokhala anthu olongolola. Mabala, matchera odulidwa, bwato long'ambika, zonse zijambulidwe pa foni zisanakonzedwe.

Kenako auzeni anyamata asabwezere. Ndimanena izi mokalipa, chifukwa mnyamata amene wataya nsomba za usiku wonse samva mawu ofatsa. Akakawotcha chimbowera cha anzawo, mlandu watembenuka, ndipo amene adzalipe ndinu.

Nkhani ipite ku komiti ya padoko, ija timangoti BVC. Lamulo la usodzi la 1997 lidapereka mpata woti asodzi eni ake azithandizana ndi boma poyang'anira nyanja, ndipo makomitiwa amagwira ntchito ndi mafumu komanso mlangizi wa zausodzi. Amadziwa amene adayamba kutchera pamalopo. Ndewu zambiri gwero lake n'limodzi: a khoka akamakoka amadutsa pamene ena atchera matchera ndi miono, n'kusesa zonse. Madzi akamaphwa zimanyanya, poti Chilwa ndi nyanja yosaya, ndipo tidaiona ikuuma mu 1995, n'kudzaphwanso kwambiri mu 2018. Malo akachepa, mabwato amapanikizana. Komiti ikagamula kuti ulipire ukonde wa mnzako, lipira pamaso pa mboni ndipo zilembedwe m'buku lawo. Koma pamene pakhetsedwa magazi, musalole kuti zithere pansi pa mtengo. Umenewo ndi mlandu wa apolisi.

Musanapite kukadandaula, dzifufuzeni kaye. Laisensi ya zida zanu ndi ya chaka chino? Khoka lanu mulibe neti ya udzudzu kumatako kwake? Sanakoke m'nyengo yotseka nyanja? Boma likabwera pambuyo pa ndewu silifunsa za amene adayamba zokha. A zausodzi amayang'ananso zida za mbali zonse, ndipo zoletsedwa amalanda, nthawi zina n'kuzitentha. Ndaonapo munthu atapita ngati wodandaula n'kubwerako wopanda khoka.

Chovuta kwambiri ndi kum'mawa, kumene nyanja yayandikana ndi Mozambique. Pamadzi palibe chikwangwani. Anyamata akagwidwira mbali imeneyo, komiti yanu ilibe mawu. Musatumize munthu ndi ndalama m'thumba kuti akawombole bwato mwamseri. Kanenani kupolisi ndi ku ofesi ya zausodzi ya boma la Phalombe, mutatenga laisensi, chitupa chanu cha unzika ndi mayina a onse amene adali m'bwatomo, kuti akuluakulu a mbali ziwirizi akambirane okha.