Chinangwa cha m'dimba: yambani mwaona dothi

Madzi a Shire akaphwa kuno ku Chikwawa, ine sindithamangira kubzala. Ndimayamba ndakumba ndi khasu malo angapo. Mukapeza matope akuda ofewa, kondwani, mtsinje wakusiyirani chonde chaulere. Koma mukapeza mchenga woyera, ngati umene unatsala m'minda yambiri namondwe Freddy atadutsa mu 2023, pamenepo pali ntchito. Kumbani mpaka mufike dothi lakale, musakanize ndi manyowa owola bwino.

Chinangwa chimadana ndi madzi odikha. Mizu ikakhala m'madzi masiku angapo imaola, mukazula fungo lokhalokha, mtima kuwawa. N'chifukwa chake ndimaunda mizere italiitali, yofika m'bondo, ndi kubzala mitengo ya chinangwa cha mtundu wa Manyokola yotalika masentimita 25 mpaka 30, motalikana masentimita 90.

Manyowa musachulutse pa dothi lakuda. Masamba amachita kubiriwira, pansi palibe kanthu. Ine ndimawaza phulusa la kukhitchini, limathandiza mizu kunenepa. Pakati pa mizere ndimabzala khobwe, ndipo masangwi ake sinditentha, ndimakwirira pomwepo.

Zulani chinangwa madzi asanabwerenso, ngakhale china chioneke chaching'ono.